Waya wa Pansi pa Chitseko

Inu amene mumati mizimu imakhala kumanda kokha, kapena m'mitengo ikuluikulu ya kumudzi, senderani kuno mumve. Iyi inachitika ku Kawale, m'nyumba ya mpanda wa njerwa, yokhala ndi magetsi, madzi ndi intaneti yomwe. Ine ndingoinena monga ndinaimvera. Zokhulupirira kapena kukana, zimenezo n'zanu.

M'nyumbamo munkakhala Bizwick ndi mkazi wake Elufe, ndipo mwana anali asanaoneke. Kuseri, m'kanyumba ka pambali, kunkagona Fanuel, mng'ono wake wa Bizwick, bambo wandevu zake ndithu, amene ntchito yake inali yokhomera anthu madishi a TV pamadenga. Abale awiriwa anali ndi nthenda imodzi: mpira wa pa kompyuta. Kompyutayo inali ya Bizwick, chimakina chakuda chokhala ndi fani yolira, ndipo inkakhala m'kachipinda ka kumapeto kwa kolido. Poti m'menemo munali mothina, Bizwick anakonza zoti gemu izichokera pa kompyuta n'kumaonekera pa TV ya pabalaza kudzera pa waifai. Loweruka masana ankakhala pasofa, aliyense padi yake yoseweretsera m'manja, n'kumanyozana mwachibale mpaka dzuwa kupendeka. Fanuel sanawinepo. Bizwick akangotsogola ndi chigoli chimodzi, ankayamba kubwezera mpira kwa goloboyi wake, uku akuseka, kudikira kuti nthawi ithe. Akafuna tiyi ankaimitsa gemu n'kuitana, "Nachisale!" M'tauni monse muno ndi iye yekha amene ankamutchula Elufe ndi mfunda wake.

Bizwick anadwala mutu masiku ochepa chabe, basi n'kutisiya. Anakamuika kwawo ku Linthipe, m'boma la Dedza. Maliro atatha, amalume awo, a Kamtedza, anabwera nawo ku Kawale. Anasonkhanitsa zovala za malemu, nsapato, foni, n'kuziika m'kachipinda ka kompyuta kaja, kenako anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba la jekete.

"Tamverani nonse awiri," anatero a Kamtedza. "Munthu akamwalira sadziwa msanga kuti wamwalira. Amakhala akufunafuna njira yobwerera kwawo. Mukamagwiragwira zinthu zake, iye amayesa mukumuitana. Tsono m'menemu musalowe munthu mpaka tidzabwere kudzagawa katundu ndi kudzawasudzula mayi awa. Msiyeni aiwale njira."

Kusudzula kumeneko n'kumene Elufe ankadikira. Ndi tsiku limene abale a mwamuna amamuuza wamasiye kuti ukwati watha, ndiwe mfulu, pita ukayambe moyo wina. Mwamuna wake ankamukonda, zimenezo musakayike, koma nyumba ija inkamulemera. Kapu, mpando, chingwe choyanikira, chilichonse chinkamukumbutsa maliro. Mchemwali wake anali atamupezera kale ntchito ku Kamwendo, kwawo ku Mchinji, ndipo chikwama chake anali atalongedza n'kuchiimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. M'mawa ankapita ku shopu ya zitenje kumene ankagulitsa, madzulo ankabwerako n'kuyang'ana chikwamacho ngati chingathawe.

Fanuel chisoni chake chinali cha mtundu wina. Iye sankalira pagulu, koma likakwana Loweruka masana ankasowa poika manja. Tsiku lina, ali yekha pabalaza, anayatsa TV, chala n'kupita chokha pa kachizindikiro ka gemu. Dzina la kompyuta ya Bizwick linatulukira, ndipo pansi pake panalembedwa kuti ilipo. Anadina. Kumapeto kwa kolido, kuseri kwa chitseko chokhoma, fani inayamba kulira.

Fanuel ankadziwa bwino kuti kompyuta yozima sidzuka wamba pa waifai. Anaganizapo pang'ono, kenako anazisiya. Chimene chinamutangwanitsa ndi mlandu wa amalume, ndipo anauweruza yekha mwachangu. "Anati tisalowe. Ine ndalowa? Chitseko n'chokhoma, kiyi ali ku Linthipe. Ndagwira chiyani?" Munthu akafuna chinthu, mutu umakhala loya wabwino.

Koma gemu yake inali yosasewereka. Chithunzi chinkauma, osewera n'kuima mwendo uli m'mwamba, kenako n'kuthamanga onse ngati awathira madzi otentha. Akadina kuti amenye mpira, wosewera ankamenya mpirawo utapita kalekale. Mawu nawo ankadukaduka. Pakati pa phokoso la ochemerera pankamveka timawu tina tosagwirizana ndi mpira, "Na... chi..." kenako zii. Fanuel anati ndi wolengeza mpira wa m'gemumo.

Elufe atafika madzulo anaima pakolido, thumba lili m'manja.

"Alamu, chikulira m'chipinda umo n'chiyani?"

"Ndi kompyuta chabe, alamu. Sindinalowemo, onani loko ali pomwepo."

Elufe anayang'ana loko, n'kuyang'ana mlamu wake. Mkazi wokwatiwa pamudzi pa eni sachulutsa zonena. Anapita kukhitchini.

Apa m'pamene Fanuel anaiyamba ntchito yokonza, ndipo anaigwira ndi mtima wonse, monga munthu amene wapeza chochita ndi chisoni chake. Anazimitsa rauta, kabokosi kaja kogawa intaneti m'nyumba, n'kuiyatsanso. Anatsitsa kuwala kwa chithunzi kuti chisamalemere panjira. Anapempha Elufe kuti azichotsa foni yake pa waifai iye akamasewera. Zinasinthako, koma pang'ono. Ndiye anaona kuti vuto ndi malo: rauta inkakhala pamwamba pa filiji kukhitchini, ndipo pakati pa iyo ndi kompyuta panali makoma awiri ndi chitseko. Anaichotsa, n'kuiika pa kampando pafupi penipeni ndi chitseko chokhoma chija.

Chithunzi chinayera. Kuuma kunachepa. Fanuel anasewera ndi timu yoyendetsedwa ndi kompyuta mpaka kunja kutachita chisisira, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Linthipe anaseka yekha.

M'mawa mwake padi yachiwiri inasowa. Inkakhala m'dirowa la pansi pa TV pamodzi ndi inzake, poti amalume, posadziwa kuti n'chiyani, sanaitsekere. Fanuel anafuna pansi pa sofa, kuseri kwa kabati, mpaka m'dengu la zovala. Elufe anati iye sanaigwire, ndipo sakudziwa n'komwe kuti amaigwira bwanji.

Zinthu zina zing'onozing'ono zinayamba kutsatana, zoti munthu ukazinena pagulu angakuseke. M'kachipinda muja munali mpando wozungulira umene unkalira kwii munthu akatsamira. Mpandowo unayamba kulira, makamaka Fanuel akaphonya chigoli. M'kolido munayamba kumveka fungo la mankhwala a bulugamu amene Bizwick ankadzola pamphumi masiku ake omaliza. Galu wa aneba, wouwa ngakhale nkhuku, anasiya kuuwa. Dzuwa likamalowa ankabwera kudzakhala pageti, n'kumayang'ana kumsewu, mchira ukugwedera pang'onopang'ono. Ndipo timawu tija ta mu TV tinatalikirapo. "Nachi... sa..."

"Alamu," anatero Elufe tsiku lina akupukuta mbale, osatembenuka, "ine masiku apitawa ndinayamba kugona bwino. Tsopano ndayambiranso kudzidzimuka."

"Mwina ndi kutentha, alamu. Mwezi uno ngotentha."

"Mwina," anatero Elufe.

Tsiku lotsatira, Fanuel akupita kukayatsa rauta, anapeza mutu wa waya wabuluu utasuzumira pansi pa chitseko chokhoma. Anaudziwa. Unali waya wa intaneti umene Bizwick anagula kale, n'kuulumikiza kumbuyo kwa kompyuta, koma unapezeka waufupi osafika kukhitchini, ndiye anangoukulunga n'kuusiya pansi pa tebulo. Tsopano rauta inali pafupi, ndipo wayawo unali utatuluka mulingo wokwanira ndendende. Elufe ankasesa pamenepo m'mawa uliwonse. Atamufunsa, anati dzulo panalibe kanthu.

Aliyense wodziwa za zimenezi angakuuzeni kuti waya umaposa waifai. Waifai ndi mphepo, imasokonezedwa ndi khoma, filiji, ngakhale ya aneba. Waya ndi njira yolunjika. Fanuel anagwada, anautenga, n'kuulowetsa mu rauta mpaka unalira thapu. Unali wofunda, koma iye anati mwina ndi simenti.

Tsiku limenelo gemu inayenda ngati madzi a m'mpopi. Kunangotsala kakuchedwa kakang'ono, koti wina sangakaone, koma wosewera amakamva m'zala. Timu ya kompyuta inagoletsa chigoli chimodzi. Kenako wotchinga kumbuyo wake anatembenuka n'kubwezera mpira kwa goloboyi. Goloboyi anaupereka, winayo anaubwezanso. Anachita zimenezi mpaka nthawi inatha, ndipo kumapeto kwa kolido mpando unalira kwii, kwii, monga umalirira munthu akamaseka atatsamira.

Fanuel anaika padi pamiyendo. Mantha anali nawo, sindikana. Koma chimene chinakula kuposa mantha ndi chimwemwe. Anali atawasowa achimwene ake koopsa.

Chotsala chinali chimodzi: TV inali idakali pa waifai. Kuti kakuchedwa kaja katheretu pankafunika waya wautali wochokera pa rauta kukafika pabalaza. Uthenga unali utabwera kale kuti amalume afika Loweruka kudzasudzula, choncho Lachisanu masana Fanuel anakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Malangalanga kukagula waya. Woyendetsayo anali wachilendo m'dera lino, wachipewa chofiira, wokonda kucheza.

"Inu mumakhala pa geti yobiriwira paja, eti?" anafunsa ali m'njira. "Ndiye kuti aja ndi achimwene anu. Mwafanana mphuno."

"Ati?"

"Aja ndimawatenga madzulo pasiteji ya mabasi a ku Dedza. Aulemu bwino, koma onunkhira bulugamu. Amandiuza kuti tipite pa geti yobiriwira, koma sitifika. Tsiku loyamba anatsikira kutali, pachigayo paja. Kenako patchalitchi. Dzulo ndiye tinafika pakona penipeni, geti tikuiona."

Fanuel anagwiritsa chitsulo cha kumbuyo kwa njinga. "Amati chifukwa chiyani?"

"Amati msewu wa kwawo ukudukaduka. Ine ndimadabwa, msewu uli bwinobwino! Koma iwo amati ndisadandaule, mng'ono wawo akuukonza, watsala pang'ono."

Apa munthu wanzeru akanatsika n'kubwerera wapansi. Fanuel anafika ku Malangalanga, anasankha waya wabwino wa mitu yolimba, anauyesa kutalika ndi mikono yake, n'kubwerera pa minibasi.

Anapeza Elufe ataweruka msanga, atatsanzika kale ku shopu. Chikwama chija chinali chitatuluka kuchipinda, chili pabalaza pambali pa chitseko, ndipo pamwamba pake panali chitenje chatsopano choti adzavale mawa. Ataona waya m'manja mwa mlamu wake, anakhala pansi pamkeka.

"Alamu, ndikupempheni chinthu chimodzi. Chikhalireni m'nyumba muno sindinakupemphenipo kanthu."

"Nenani, alamu."

"Musaulumikize. Mawa amalume akubwera. Akagawa katundu, makinawo akhala anu, ndani angakutsutseni? Mudzasewere mpaka zala zitupe. Koma lero lokha, asiyeni achimwene anu. Ine ndinawalira, ndinawaperekeza, ndinameta. Ndikufuna ndipite kwathu."

"Alamu, ndi waya chabe. Chitseko sindinatsegule."

"Inu mukudziwa, ine ndikudziwa," anatero Elufe. "Mawu aja mu TV mukuwamva ngati mmene ndikuwamvera ine."

Fanuel anayang'ana pansi. Akanatha kunena kuti chabwino, ndipo pakamwa pake panatsala pang'ono kutero. Koma anaganiza za mawa: loko atsegulidwa, amalume alankhula mawu awo otsanzika, kompyuta izimitsidwa n'kunyamulidwa, ndipo ikadzayakanso idzakhala makina wamba. Mwayi unali wa lero lokha.

"Gemu imodzi yokha, alamu," anatero. "Sindinawawinepo n'kamodzi komwe. Ikangotha ndizula zonse, ndikulonjeza."

Elufe anangokokera chikwama chake pafupi.

Fanuel anayala waya m'mbali mwa khoma, kuchokera pa rauta, kudutsa kolido, kukafika kumbuyo kwa TV. Dzuwa linali litafiira kumadzulo, ana a aneba akuitanidwa kukasamba, utsi wa mbaula uli tolotolo m'mipanda. Analowetsa mutu wa waya. Thapu.

Sanaonepo chithunzi chokongola chotere. Udzu wa m'bwalo unkaoneka tsamba lililonse. Akangoganiza zodina, wosewera anali atamenya kale. Panalibe kuuma, panalibe kuchedwa, panalibe kuduka. Fanuel anasewera monga sanasewerepo, ndipo chigawo choyamba chisanathe anagoletsa. Anadumpha n'kufuula, "Mwaona, achimwene! Mwaona!" Mpando wa m'kachipinda sunalire.

Kunja kunamveka njinga yamoto ikubwera pang'onopang'ono. Sinaime pakona. Inafika pageti, inaima, kenako inatembenuka n'kumapita. Galu wa aneba analira kamodzi, kulira kwa galu wolandira mwini wake. Geti inali yokhoma, ndipo palibe amene anaimva ikutseguka.

Pa TV gemu inaima yokha. Fanuel anayang'ana zala zake, ndipo panalibe chimene chinali pa batani loimitsira.

"Nachisale."

Mawuwo sanachokere mu TV. Anachokera pasofa, pambali pa Fanuel, pamalo pamene khushoni inali yophwa kale chifukwa chokhalidwa ndi munthu mmodzi zaka zambiri. Anali mawu athunthu, osaduka paliponse, a munthu wotopa amene wayenda ulendo wautali ndipo wafika. Fanuel sanatembenuke. Fungo la bulugamu linali litadzaza pabalaza, ndipo phewa lake lakumanzere linkamva kuzizira.

Anayang'ana kwa Elufe. Mayiyo anali atatseka maso, misozi ikutsika, manja atagwira chikwama. Kenako manja aja anamasuka. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, anadzuka, n'kugwada pang'ono moyang'ana pasofa.

"Wawa," anatero. Ndipo anapita kukhitchini kukateleka madzi a tiyi.

Apa m'pamene Fanuel anazindikira chimene wachita. Anathamangira kumbuyo kwa TV n'kuzula waya. Anapita pakolido, anazula wabuluu uja, anazimitsa rauta, mpaka anakagwetsa switchi yaikulu ya magetsi. TV inathima, fani inaleka kulira, nyumba yonse inangoti zii. M'kachetechete ameneyo munkamveka makapu kukhitchini, ndipo Fanuel anamva Elufe akutsitsa awiri. Mlatho umathandiza kuugwetsa munthu asanawoloke.

Fanuel anakagona kwa mnzake ku Biwi. Anabwerako m'mawa, n'kupeza a Kamtedza atafika kale ndi azakhali awiri, atakhala pakhonde. Amalume anatulutsa kiyi m'jekete, anayang'anitsitsa loko, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwasunga mwambo, ana inu," anatero. "Ena sakanapirira."

Anatsegula. M'kachipindamo munali fumbi paliponse, pazovala, pansapato, pa kompyuta. Patebulo pokha panali padi yachiwiri ija, yopanda fumbi ngakhale pang'ono. A Kamtedza anainyamula, anaitembenuza, anafunsa kuti kodi n'chiyani chimenechi, n'kuiika pamulu wa katundu wa Fanuel.

Atatha kugawa anaitana Elufe. Anabwera atavala chitenje chakale, osati chatsopano chija, n'kugwada pamkeka. Fanuel anasuzumira pabalaza ndipo anaona kuti chikwama palibe. Zovala za Elufe zinali pachingwe, zina atazibwezera kale m'kabati.

"Mayi," anayamba a Kamtedza, "mwatisungira mwana wathu ali moyo, mwamulira atapita. Ife tilibe nanu chifukwa. Lero tikukumasulani. Pitani kwanu, ndipo mukapeza banja, ife tidzavina nawo."

Elufe anawomba m'manja mwaulemu. "Zikomo amalume, mawu anu ndawamva. Koma ndingapite bwanji eni nyumba alipo? Angawaphikire ndani?"

Azakhali aja anayang'anizana. Mmodzi anati ndi chisoni, zimachitika, chimatha. A Kamtedza sananene choncho. Anafwenkha mphuno kawiri ngati amva fungo linalake, anayang'ana m'nyumba kudzera pazenera kwa nthawi yaitali, kenako maso awo anatera pa waya watsopano uja, amene anali adakali m'mbali mwa khoma. Anatembenukira kwa Fanuel.

"Iwe, unalowamo m'chipinda muja?"

"Ayi, amalume. Sindinalowemo."

Zinali zoona, ndipo sizinathandize aliyense. A Kamtedza anadzuka, anavala chipewa, ndipo anakana kudikira chakudya.

Ntchito ya ku Kamwendo anapatsidwa wina. Mchemwali wake wa Elufe anabwera kudzamutenga, abusa anabwera kudzapemphera, koma iye ankawalandira bwino, kuwaphikira, n'kuwaperekeza mpaka pageti, osapitirira. Sadwala, sachita zachilendo, amangokhala ngati mkazi aliyense wapabanja. Odutsa madzulo amati pakhonde pamakhala makapu awiri.

Fanuel anasamukira ku Area 23. Kompyuta anaigulitsa osaiyatsa. Tsiku limene anabwera kudzatenga katundu wake wotsala, anapeza Elufe akusesa pabwalo, atawonda pang'ono, koma waukhondo monga kale. Anaima patali, chipewa m'manja. Anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa.

"Alamu," anatero, "kodi... zimamvekabe? Mwina nthawi zina zimasiya?"

Elufe anaimika tsache, n'kumuyang'ana popanda mkwiyo uliwonse.

"Ayi, alamu," anatero. "Munakonza bwino. Sizidukanso."